Jayanti, Kalulu wa M'bwato

Fungo la phula wowira m'chitini likangondipeza, ngakhale pamsewu pamene akukwirira maenje, ndimaona agogo anga aamuna, a Banda, atagwada pamchenga kwathu ku Ngala akumata mng'alu wa bwato lawo, utsi wakuda ukuwalowa m'maso, iwo akutsokomola uku akulankhula ndi bwatolo ngati munthu. Linali bwato losema, lakale kuposa mayi anga, la zigamba za malata thupi lonse, ndipo ndiwo za pakhomo zinkachokera mmenemo. Chaka chimene agogo aakazi anamwalira, ine ndili Sitandade 5, mayi ananditumiza kukakhala nawo kuti ndiziwatungira madzi ndi kuwasesera. M'nyumbamo munali zii.

Tsiku lina agogo anapita ku Dwangwa kukagula mbedza, koma anabwerako atakumbatira kakhola ka waya. M'katimo munali kalulu wotuwa, wa makutu aatali ngati masamba a chimanga. Anamuona m'sitolo ina yogulitsa zakudya za nkhuku, mankhwala a ziweto ndi nkhunda, ndipo akuti kaluluyo anawanunkhiza chala. Basi, mtima unakanirira pomwepo. Mbedza sanagule.

Mayi atamva mtengo anagwira pakamwa.

"Bambo, ndalama ya mbuzi yathunthu pa kalulu mmodzi? Ali ndi chiyani ameneyu?"

"Ali ndi dzina," anayankha agogo. "Ndinafunsa kuti bwanji kudula chonchi, mwini sitolo anati ameneyu ndi Jayanti. Kalulu wa dzina lake sangafanane mtengo ndi wa ndiwo."

Palibe anatsutsa. Kwa ife Jayanti linamveka dzina ndithu, ndipo Chingerezi changa cha Sitandade 5 chinali chisanafike kumeneko. Msinkhu wake unali wofanana ndi akalulu a anansi athu amene anali ataswa kale kangapo, choncho agogo anati agula kalulu wokula kale. Kakholako kanamukwana bwinobwino, ndipo anakalipira padera.

M'mawa uliwonse ndinkatsikira kudimba mame akundinyowetsa siketi, kukathyola chisoso ndi kholowa, pobwera n'kupeza agogo atakhala pachitsa pansi pa mango, akusoka ukonde, akumufotokozera Jayanti za mphepo ya mwera ndi za anyamata a masiku ano osadziwa kugwira nkhafi, iye akutafuna kukuchu kukuchu, mphuno ikungogwedera. Anansi podutsa ankawaseka.

"A Banda, ndiwo zanuzi zipsa liti?"

"Kodi inu anzanu mumawadya?" ankatero agogo, n'kuseka mpaka misozi. Chimwalirire agogo aakazi ndinali ndisanawamve akuseka.

Koma Jayanti sanaleke kukula. Patatha mwezi makutu ake anayamba kupindika kudenga la kakholako. Mwezi wachiwiri sankathanso kutembenuka, ankangokhala chonyonyomala, nkhope mbali imodzi tsiku lonse. Agogo anati ndi kunenepa, amulerera, ndiye anamuchepetsera madeya. Tangoganizani, mwana akukula inu n'kumamumana chakudya! Kenako tsiku lina ndikusesa pansi pa kholalo ndinaona magazi pa waya. Titamutulutsa, movutikira chifukwa chitseko chinali chitamuchepera, tinapeza kuti kunsi kwa mapazi ake ubweya unatha, kuli zilonda zofiira, ntchentche zili ng'waa. Thupi lolemera lija linkamukanikizira pa waya usana ndi usiku.

M'mawa mwake tinakwera minibasi, ine ndi agogo, mpaka kusitolo kuja. Mwini wake anali bambo wachinyamata wovala wotchi yaikulu, maso ali pa foni. Agogo anavula chipewa.

"Achimwene, Jayanti uja wadwala. Khola lamuchepera, mapazi ndi zilonda zokhazokha."

"Nanga mumayembekezera chiyani, madala? Si ndinakuuzani kuti ndi jayanti?"

"Eya, dzinalo sitinasinthe."

Apo mpamene mwini sitolo uja anadzutsa mutu. Anaseka mpaka kumenya kauntala, n'kuitana anthu amene ankagula chakudya cha nkhuku kuti adzamve nawo.

"Dzina? Madala, jayanti ndi mtundu! Ndiye kuti chimphona! Uja munatenga anali khanda la miyezi iwiri. Amakula ngati mwana wa mbuzi amene uja."

Agogo anapotokola chipewa m'manja.

"Nanga kakhola kaja munandigulitsiranji?"

"Kaja n'kongonyamulira. Khola lake lenileni ndi ilo." Analoza pakona chikhola chachitali cha matabwa pansi, n'kutchula mtengo woposa wa kaluluyo kawiri. "Amenewa safuna waya, amafuna pogona potambasuka ndi pamthunzi. Aliyense amadziwa zimenezo."

Aliyense! Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa kuti waya adzamudula mapazi, khola loyenera linali m'sitolo momwemo, anaona nkhalamba ikungoti eya, eya, chifukwa cha manyazi ofunsa kawiri, iye n'kulandira ndalama n'kupinda m'thumba. Mawu amodzi okha a Chichewa akanamuthera chiyani? Mpaka lero ndikaganiza chiseko chija mtima umandiwira. Tsikulo ndinakuwa kuti, "Ndinu akuba inu!" koma agogo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Akuluakulu satukwanidwa, Esinta. Tiye kwathu."

Titafika kunyumba agogo anaitana anansi awiri kuti awathandize kukoka bwato kuchokera kunyanja mpaka pansi pa mango. Anakoleza moto, n'kuikapo chitsulo mpaka chinafiira, ndipo anayamba kuboola pansi pa bwatolo kuti mkodzo uzitulukira. Bwato lomwe lija ankalimata chaka ndi chaka! Utsi wa mtengo wopserera unadzaza pakhomo.

"Agogo, lidzalowa madzi!" ndinatero.

"Silipitanso kunyanja ili."

Tinathiramo mchenga ndi udzu wouma, pamwamba tinaphimba ndi bango ndi ukonde wakale, kenako tinamuikamo. Masiku awiri Jayanti anangokhala malo amodzi chonyonyomala, ngati waya uja akadamuzingabe, bwato lonse lili mbee. Tsiku lachitatu masana anagona chammbali, n'kutambasula miyendo pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Agogo anayeza ndi mkono wawo, kuyambira kuzala mpaka paphewa, ndipo anangokwanira ndendende.

"Ha! Kodi ndiwe wamtali chonchi, mnzanga? Pepa."

Koma tinachedwa. Zilonda zija zinali zitalowa m'kati. Tinkazitsuka ndi madzi amchere, agogo akumukupiza ndi katoni m'kutentha kwa Okutobala, koma anasiya kudya, ndipo patatha masabata awiri anafera m'bwato momwemo, ali chitambasukire. Agogo anamukwirira okha kuseri kwa nyumba. Pobwerako anapukuta khasu, n'kunena mawu awiri okha:

"Akanangonena m'Chichewa."

Bwato linawolera pansi pa mango pomwepo. Munthu amene ankagawira mudzi wonse nsomba anayamba kumaima padooko ndi kambale, kudikira kuti wina amuponyere usipa, ndipo m'nyumba muja munabwereranso zii.

Lero ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Boma, ndipo mawu a Chingerezi ali pa paketi iliyonse. Gogo akaima pa kauntala, ine ndikufotokoza kamwedwe, iye n'kuyamba kuti eya, eya, mofulumira, ndimaika paketi ija pansi n'kuyambiranso m'Chichewa, mpaka andibwerezere yekha zimene ndanena. Abwana anga amadandaula kuti ndimachedwetsa mzere. Ine ndimangoti uchedwe.