Chaka Chimene Achemwali Analumpha Njinga

Fungo la udzu wopserera limandibwezera pabwalo la sukulu yathu kufupi ndi Migowi, nyengo yozizira ya chaka cha chisankho. Udzu ankautentha kuti mizere yothamangiramo ioneke, ndipo phulusa linkatidetsa mpaka m'mawondo. Pamenepo m'pomwe achemwali anga a Felesita ankathamanga liwiro lolumpha zotchinga zansungwi, zimene aphunzitsi a masewera anakhoma okha. Mwendo wakutsogolo unkawongoka ngati mpini, wam'mbuyo utapindika, phazi likangotera fumbi kobo! Atsikana onse a m'boma lathu anali atawasiya m'mbuyo. Kunangotsala kukapikisana ndi a dziko lonse ku Blantyre.

Ndiye kunatulukira a Sikelo. Silinali dzina lawo. Tinkawatcha choncho chifukwa ankagula nandolo ndi sikelo imene aliyense ankadziwa kuti ndi yakuba. Chaka chimenecho anafuna uphungu. Munthu amene pokwera galimoto yake yomwe ankachita wefuwefu, mwadzidzidzi anasanduka katswiri wa zamasewera. Anafika kwathu atavala jekete yothina m'khwapa, n'kukhala pampando wa malemu bambo osauzidwa.

"Mayi, mwanayu ndi wanga tsopano," anatero. "Nsapato zothamangira ndigula, ku Blantyre ndikamutula ndekha."

Amayi anagwada n'kuwomba m'manja.

Kuyambira pamenepo msonkhano wawo uliwonse unkatsegulidwa ndi achemwali. Poyamba ankalumpha mabenchi. Anthu atazolowera, anayamba kusanjikiza matumba a chimanga. A Sikelo ankaima pamwamba pa galimoto, chimkuzamawu kukamwa, thovu m'mbali mwa milomo, kukuwa kuti umu ndi mmene adzalumphire umphawi. Aphunzitsi atakadandaula kuti mwana avulala, anauzidwa kuti ndi a chipani china, ndiponso si akuno.

Ku Jenala anandandika njinga zakapalasa m'munda wa mpunga wouma, wodzaza ming'alu. Achemwali anaziyang'ana n'kunena chapansipansi, "Izi n'zazitali, bambo."

"Anthu akudikira, iwe!" anatero a Sikelo.

Zoyambirira anazidutsa. Kenako chala chinakola pachishalo cha njinga ina, bondo n'kufikira pansi mopotoka. Ndinalimva likulira ngati nzimbe ikuthyoka. A Sikelo anakodola oimba ng'oma kuti awonjezere moto, iwo n'kupitiriza kulonjeza milatho. Amene anatengera achemwali kuchipatala, atawakweza panjinga yomwe inawakola ija, ndi mwini wake, mlimi amene sitinkamudziwa n'komwe.

Mpikisano wa ku Blantyre unachitika achemwali ali gone pamphasa, mwendo utatupa. Nsapato sitinazione. Kunangobwera nsalu imodzi yokhala ndi nkhope ya a Sikelo ikumwetulira, ndipo amayi anaiyala m'chikwatu cha nkhuku yofungatira. Pachisankho a Sikelo anagwa chagada, n'kubwerera ku nandolo wawo. Achemwali mpaka lero amayenda chotsimphina.

Masiku amenewo ndinkadana ndi njinga ija, moti ndikaipeza pamsika ndinkailavulira patayala. Pano ndakula, ndipo ndimakumbukira kuti pa khamu lonse lija, ndi njinga yokhayo imene inawanyamula.