Mchere mu Utaka wa Azakhali

Ndinanyamuka pa Chipoka Lachinayi m'mawa nditavala jekete, monga ayenera kuchitira munthu amene anaphunzira kemisitiri chaka ndi theka asanapemphedwe mwaulemu kuti akapume kumudzi. M'jumbo munali utaka wa azakhali anga, a Nachisale. Pamsika panali patawanda mphekesera yoti amawaza nsomba zawo mankhwala a anankafumbwe. Akomiti anawachotsa pabenchi mpaka Loweruka, tsiku logamula, ndipo utaka wonse anaukwirira, kupatula wam'jumbowu. Ine ndinalonjeza umboni wa sayansi, poti Tamanda, mnzanga wa m'kalasi amene sanapemphedwe kukapuma, amayeza zinthu pa labu ina ku Lilongwe.

Minibasi ya ku Salima inandidya zikwi zinayi n'kundikhazika pathumba la mpunga. Utaka unali usanaume bwino chifukwa cha mvula, ndipo tisanafike paboma unali utayamba kulonjera anthu. Kondakitala anafunsa ngati maliro ndanyamulawo ali ndi chikalata.

Padepoti, mayi wogulitsa chinangwa chokazinga anandimvera chisoni. "Achimwene, ingothirani mchere. Nsomba siyenda ulendo yosathira mchere." Ndinawasinkhasinkha malangizowo mwaukatswiri, uku ndikutafuna chinangwa, ndipo ndinawavomereza. Ndinagula mchere n'kukhuthulira paketi yonse m'jumbomo. M'basi ya ku Lilongwe palibe anadandaula, moti pokwera mapiri aja ndinkadziona ngati dokotala.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Tamanda anasuzumira m'jumbo nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndinalipo sabata imene tinaphunzira za ayonaizeshoni. Ndinayankha kuti sabata imeneyo ndinali ndi udindo waukulu patebulo la pulu.

Anandifotokozera mofatsa, ngati akuuza wodwala. Makina awo oyezera, otchedwa masi sipekitiromita, amazindikira mankhwala poyeza kulemera kwa tizidutswa take, koma saona kadutswa kopanda mphamvu ya magetsi. Kupatsa tizidutswato mphamvuyo ndiye ayonaizeshoni, ndipo njira zake pa labupo zinali ziwiri. Ina amatiwomba ndi maelekitironi mpaka titaphwanyika, n'kuzindikira mwini wake poona zibenthuzo. Koma makina a njira imeneyo gasi anali atawathera. Inayo amapopera madzi amene aviikamo nsombazo ngati mlimi wa thonje, timadontho n'kumauma mpaka tizidutswa titatsala ndi mphamvu. Apa ndiye panali mlandu wanga: mchere umalanda malo ngati anyamata amphamvu pakhomo la minibasi, mankhwala ofunidwawo n'kutsala padepoti. Makina akhoza kunena kuti mulibe kanthu.

"Ndiye si zomwe tikufunazo?" ndinafunsa.

"Iwe, kusaona si kusakhalapo. Ine sindingasayine."

Anati kuchotsa mcherewo n'kotheka, koma zipangizo zake zifika mwezi wamawa. Anandigulira chipisi, ndipo ndinadya modzichepetsa.

Ndinagona kwa msuweni, n'kubwerera Lachisanu. Azakhali ndinawapeza akutsuka dengu lopanda kanthu. Ndinawalongosolera za maelekitironi ndi timadontho, mwina bwino kuposa mmene ndikanalembera mayeso. Anamvetsera mpaka pamapeto, anatsegula jumbo, analawa kautaka kamodzi.

"Mchere wokha waukwanitsa, mwana wa achimwene," anatero.

Loweruka anapita okha kukomiti. Pabenchi lawo pano pali mayi wina wogulitsa tomato, ndipo azakhali amayala pansi pafupi ndi njanji. Phunziro lija ndalimvetsa tsopano, lonse, ndipo ndikadutsa amandiitana kuti aphunzitsi, bwerani mudzanyamule dengu.