Malaya a bambo mu mtsinje wa Mzimba

Ndikamva fungo la sopo wochapira, ndimakumbukira miyala ya mtsinje wa Mzimba ndi dzinja limene ndinali Sitandade 5. Tinali titangosamukira ku Mzimba kuchokera ku Dedza, bambo atapeza ntchito pa Boma. Loweruka lililonse mayi ankandituma kukachapa, ndipo kumtsinjeko ndinkakumana ndi a NyaTembo, mayi wa dimba amene ankatigulitsa mpiru ndi tomato pakhomo.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, ndinayanika malaya oyera a bambo ndi zitenje ziwiri za mayi pamwala wa pakati pa madzi. A NyaTembo, akusenza ndowa kuti azipita, analoza kum'mawa kumene mapiri a Viphya anali atada bii.

"Mwana wanga, chotsapo zovalazo. Kumtunda yagwa chomene, madzi akubwera."

Pamene tinali ifepo panalibe ndi kamtambo komwe. Ndinaseka kalankhulidwe kawo, n'kuthamangira kutchire ndi anzanga kukatola masuku. Tili komweko tinamva mkokomo. Pobwerera, mtsinje unali wofiira, ukukokolola zitsa ndi mapesi, mwala uja osaonekanso.

Kunyumba ndinanena kuti zovala ndinawasungitsa a NyaTembo. Sindinanene kuti aba. Mayi anamalizitsa okha. M'mawa mwake a NyaTembo atabwera ndi dengu la masamba, mayi anawakalipira anthu akuonerera. A NyaTembo anandiyang'ana nditaima kuseri kwa chitseko, nthawi yaitali ndithu. Kenako anangothokoza m'chilankhulo chakwawo kuti, "Yewo, amama," n'kunyamula dengu lawo. Sanabwerenso, ndipo nyumba zina za mumzere wathu zinasiya kuwagula. Dzinja lonselo ndinkazungulira njira yakutali popita kusukulu, kuopa kudutsa padimba pawo.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mtsinje umadzaza ndi mvula yokhayo imene yandinyowetsa ine. Lero ndikudziwa kuti umachokera ku Viphya, kutsikira kumadzulo mpaka kukathira mu Rukuru, amene amayenda mtunda wautali chakumpoto asanakhotere kunyanja. Ndinkaganizanso kuti a NyaTembo anakhala chete chifukwa Chichewa chinkawavuta. Chichewa chondichenjeza nacho anali nacho. Chondiulula nacho sichikanawasowa. Anangosankha kuti ndisamenyedwe.

Mayi ndinawauza zoona nditakwatiwa kale. Nditapita kukawafuna a NyaTembo, ndinapeza dimba lija akulima munthu wina.