Chigamba Chimene Ndinafufuta Pakompyuta

Nkhaniyi ndi yoona, abale anga, ndipo ndikanakhala wopeka ndikanapeka ina yondiyeretsa, osati iyi imene ngakhale mkazi wanga saidziwa yonse.

Mgodi wathu wa ku Kabwe utatsekedwa, katundu wa boma akugulitsidwa ngati kaunjika, ine amene ndinali wojambula mapulani ndinapeza ntchito pa kakampani kena kogula matanki akale a kumgodi n'kumawagulitsa kwa ofuna kusungiramo madzi. Ndinkajambula thanki pakompyuta, kenako kompyutayo inkadula chithunzicho m'tinjerwa ting'onoting'ono ta mbali zisanu ndi imodzi, kuti injiniya aone ngati chitsulocho chingapirire kulemera kwa madzi. Vuto lake, khoma la thanki ndi lopyapyala, ndipo tinjerwato timafunika kuyalana bwino m'mizere iwiri kapena itatu mkati mwa kupyapyalako. Pakakhala kabowo kapena kachogwirira kopanda ntchito, timaloledwa kukafufuta kuti tinjerwa tisapindike. Chimenecho si chinyengo ayi, ndi mmene ntchitoyo imayendera.

Thanki ina inali yopita ku komboni ya Bwacha. Kunsi kwake, pafupi ndi paipi, kunali chigamba chakale, ndipo m'mbali mwake dzimbiri linali litadya chitsulo mpaka kutsala ngati chivindikiro cha chitini. Anandionetsa ndi wowotcherera wathu, mdala wa kwathu kum'mawa amene tinkapemphera mpingo umodzi, moti ndinkawaitana amalume. Anagogoda ndi hamala, kwina konse kukumveka ngwee, pachigambapo phwa phwa, n'kundiuza kuti iwe mwaiche, mwana wanga, apa pali mulandu, ukaiuze mashini yako.

Kuiuza ndinaiuza ndithu. Masiku atatu ndinalimbana nayo, ndikangoika chigambacho tinjerwa tinkapindika, pulogalamu n'kukana kupitirira. Abwana ali pakhosi, pageti anzanga ochotsedwa kumgodi ali mbwee kufuna mpando wanga womwewo. Ndiye mukuganiza kuti ndinatani? Ndinafufuta chigambacho, khoma lonse n'kulipatsa kuchindikala kofanana. Tinjerwa tinayalana mokongola, injiniya anaona kuti zonse zili bwino, n'kusaina.

Tsiku lodzaza madzi, dzuwa lili paliwombo, amalume anali kunsi kwa nsanja imene tinakwezapo thankiyo, akumanga paipi. Ndinamva thankiyo ikubuula ngati ng'ombe yodwala, ndipo ndinadziwa pamene pankachokera kubuulako, komabe sindinawachenjeze amalume kuti achokepo. Kenako phuu! Chitsulo chinang'ambika pachigamba pomwepo, madzi anawagwetsera amalume pamzati, chidutswa cha thanki n'kuwaphwanya dzanja lamanja.

Kufa sanafe, koma dzanjalo silinagwirenso hamala. Abwana anagamula kuti amalume ndi amene anaiwotcherera molakwika paipi ija, n'kuwachotsa ntchito. Ine ndinali pompo, ndipo ndinalola kuti mulandu wanga uwagwere iwo.

Patapita milungu ndinakawaona kwawo ku komboni ya Natuseko, nditanyamula shuga ngati munthu wabwino. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati za chigamba zija ndinaiuza mashini, ine n'kuvomera kuti inde. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ngati mashini inaona n'kulola, basi, chinali chifuniro cha Mulungu. Anandipempherera kuti ntchito yanga isathe ngati yawo, dzanja lofa lija lili pamutu panga. Kodi munayamba mwadalitsidwa ndi munthu amene munamupha ndi njala? Patapita nthawi anamwalira akukhulupirira zomwezo, ndipo bokosi lawo ndinanyamula nawo.

Mpaka lero munthu akagogoda mgolo, ndimamvetsera ngati pamveke phwa phwa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti kompyuta sinama, imangokongoletsa bodza limene waipatsa, ndipo bodza langa linali lokongola kwambiri moti linasainidwa.

Inu achinyamata amene mukugwira ntchito imeneyi, tinjerwa tikamakana pamalo amodzi, musathamangire kufufuta. Dzukani pampando, mukagogode chitsulo chenichenicho, ndipo mufunse kuti kunsi kwake kudzaima ndani. Ine ndinkamudziwa amene adzaime, dzina lake ndi mpando wake wa kutchalitchi, ndipo ndinafufutabe.