Singano ya Doña Eduvina ndi Khola Lachinayi

Pa doko la Quellón pali anthu awiri odziwika ndi singano: namwino wa kuchipatala ndi Doña Eduvina Millalonco. Namwino amabaya anthu makumi awiri patsiku n'kumadandaula msana. Doña Eduvina amabaya tiana ta nsomba za samoni mazanamazana asanamwe n'komwe mate wake wachiwiri, tiyi wowawa wa kumeneko.

Anayamba ntchito ali mtsikana, akutumbula nsomba m'fakitale, zala zili gwa ndi kuzizira. Masiku amenewo samoni ikangoyang'ana cham'mbali, mabwana ankathira mankhwala opha tizilombo m'chakudya, matumba ndi matumba. Katemera atabwera, iye anali woyamba kukweza dzanja kuti azibaya nsomba. Kansomba kotalika ngati chikhatho amakagoneka tulo m'madzi amankhwala, iye n'kukatembenuza, cho pamimba, kenako kena. Chonsecho mayi yemweyu amakomoka namwino akangotulutsa jakisoni, ndipo mwamuna wake Orlando sankalephera kuikamba nkhaniyi paliponse pamene anthu afukula curanto, chakudya cha paphwando chophikidwa m'dzenje la miyala yamoto.

Chaka chatha kampani inavomera kuyesa kuweta nsomba popanda mankhwala. Khola lachinayi la panyanja analiikamo nsomba zochepa kuti zisapanikizane, zonse zobayidwa ndi gulu la Eduvina la amayi asanu ndi atatu, ndipo zinayenera kufika pokolola osalawa mankhwala. Bwana wa makola, Don Heriberto, ananena poyera kuti zikadwala, ntchito yobaya aipereka kwa makina, amayi asanu ndi atatuwo akalime mbatata kwawo.

Miyezi khumi ndi inayi inadutsa, nsomba zikungonenepa. Kutatsala masabata atatu kuti akolole, Orlando, amene ankadyetsa kholalo, anabwera kunyumba n'kukankhira mbale ya milcao, zitumbuwa za mbatata, kumbali.

"Amayi, ana anu aja sakudya. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Ndiye inunso mwalowa nawo sitalaka?"

"Sizoseka. Don Heriberto waitanitsa kale chakudya chamankhwala. Dokotala akangosaina mawa, basi."

M'mawa mwake Eduvina anakwera boti palibe womuitana. Atafika anaviika majombo m'beseni la mankhwala ochapira, n'kuima pafupi ndi dokotala wa nsomba, Señorita Ximena, amene anali atatumbula kale nsomba zitatu. Chiwindi chabwinobwino, khungu lopanda chilonda.

"Nsomba yosadya ndi yodwala, Doña," anatero Don Heriberto. "Tidikire ziyambe kuyandama?"

Eduvina anasendera m'mphepete mwa khola. Anagwada n'kusuzumira m'madzi. Nsomba zonse zinali zitaunjikana pansi, mbali imodzi, ngati ana asukulu amene aona mkwapulo. Zodwala siziima choncho, iye ankadziwa. Izi zinali ndi mantha.

Nthawi yomweyo kunja kwa ukonde kunavuuka chimutu chandevu. Chinali lobo, chilombo chonona cha m'nyanja chija chimene chimameza samoni ngati mtedza. Sichinayang'ane bwana, sichinayang'ane dokotala. Chinalunjika maso kwa Orlando n'kuuwa kawiri.

"Mdala," anatero Eduvina pang'onopang'ono, "ameneyu akukudziwani."

"Ine? Angandidziwire kuti?"

"Wakupatsani moni. Muyankheni, musachite mwano."

Orlando anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Ndi Panchito."

"Ali ndi dzina."

"Ndimangomuponyera zakufa ziwiri zitatu m'malo mozitaya mumgolo. Ankaoneka wamasiye."

"Wamasiye wonenepa kuposa ng'ombe ya aneba athu a Cárcamo? Ana anga akugona ndi njala chifukwa inu mwatsegula lesitilanti pakhomo pawo?"

Señorita Ximena anaseka mpaka kugwira chitsulo cha m'mbali kuti asagwere m'madzi. Kenako anabweza cholembera m'thumba. "Sindisaina, Don Heriberto. Tipatseni masiku awiri."

Anakunga ukonde wakunja, mgolo wa nsomba zakufa anaukhoma loko, kiyi n'kusunga Ximena. Panchito anazungulira tsiku lathunthu akulira ngati wolandidwa munda, kenako anapita kukafuna wina wamtima wofewa.

Tsiku lachiwiri Eduvina anaima pomwe paja. Orlando anamwaza chakudya. Zii. Anamwazanso. Ndiye madzi anayamba kuwira, nsomba kulumpha, kuwaza bwana mpaka m'makutu. Eduvina anavina pakamlatho koterera ka pakholapo ndi majombo ake, akuitana nsomba mayina amene anangopeka pomwepo.

Khola lachinayi linakololedwa lisanalawe mankhwala ngakhale supuni imodzi. Amayi asanu ndi atatu aja akadali pa tebulo lawo lobayira, ndipo chaka chino awapatsa makola atatu.

Nkhani ya kukomoka ija Orlando anaisiya. Akangoti aiyambe pa curanto, Doña Eduvina amaika pansi mate wake, n'kuuwa kawiri.