Mayi Bernadette Sabol, Amene Anabweza Chidindo

Amene mumafika pa Misa ya m'mawa mwaona kuti benchi lachitatu kumanzere lakhala lopanda munthu chiyambire Januwale. Pamenepo m'pamene ankakhala Mayi Bernadette Sabol. Ena m'parishi muno ankawakonda, ena ankawoloka msewu akawaona, ndipo ambiri a ife tinachita zonse ziwiri pa nthawi zosiyana.

Anabadwira m'tauni muno m'chaka cha 1944, ku banja la a Hudak, m'nyumba zija zili kumunsi kwa njanji. Makolo awo anali a Chislovaki monga ambiri a ife. Bambo awo ankasungunula chitsulo, mayi awo ankakolopa tchalitchi chino Loweruka lililonse. Pa ubwana wawo panalibe chodabwitsa, kupatula maso. Amayi a mumsewu wawo ankawaitana kuti awalowetsere ulusi m'singano, ndipo masisitere kusukulu ankati mtsikanayu amaona cholakwika pa bolodi mphunzitsi asanamalize kulemba. Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuti adwazike mayi awo, ndipo anawadwazika zaka zinayi osadandaula.

Mlongo wawo Emil anafera ku nkhondo ya ku Vietnam mu 1968. Chaka chotsatira, atangokwatiwa ndi a Walter Sabol, analowa ntchito pa fakitale ya zida za nkhondo kutsidya kwa mtsinje. Ntchito yawo inali kuyeza timphete tachitsulo, tating'ono ngati batani la jekete, ndi kudinda chidindo pa bokosi lililonse limene akhutira nalo. Ankaigwira ngati pemphero. Ankati kamphete kalikonse koyezedwa bwino kabweza mlongo wa munthu wina kwawo ali moyo. Anagwira zaka makumi atatu ndi zinayi, akulera mwana wawo Monica, akuwerenga Mawu pa Misa, ndipo Lachisanu la m'Lenti ankatsogolera amayi kuholo pokanda pirohi, timikate ta Chislovaki.

Mu Lenti ya 2003, nkhondo ya ku Iraq itangoyamba, mbendera zili pa khonde lililonse, parishi inalandira mlendo, Sisitere Colette, amene ankagwira ntchito pa chipatala chopanga miyendo yoikirira ku Laos, dziko loyandikana ndi Vietnam limene nkhondo ija inafikako. Pa tebulo la m'holo anaikapo theka la kabomba kopanda wonga, kokula ngati lalanje. Anafotokoza kuti bomba limodzi lalikulu limatseguka m'mwamba n'kumwaza timabomba totere mazanamazana, ndipo tina sitiphulika. Timagona m'minda zaka makumi atatu, mpaka mwana atatola kamodzi poyesa mpira.

Anthu ankapatsirana kachitsuloko mwamantha. Katafika kwa Mayi Sabol, iwo anavala magalasi, n'kukatembenuza, n'kulowetsa chikhadabo m'kati. Kamphete kanali momwemo.

"Sisitere, kanagwa liti aka?"

"Cha m'ma 1970, amayi."

Anakabweza pa tebulo, n'kupukuta manja pa epuloni. Pambuyo pake anauza Monica kuti, "Sindinganene kuti ndi kanga. Sindinganenenso kuti si kanga."

Sabata imeneyo anapita kwa bambo mfumu wa nthawiyo, Bambo Kearney, munthu wophunzira ndi wofatsa. Bamboyo anawakumbutsa kuti Mpingo umalola dziko kudziteteza, ndipo woyeza chitsulo ali kutali kwambiri ndi amene amalamula kuti bomba liponyedwe.

"Kutali?" anatero Mayi Sabol. "Bambo, kanali m'manja mwangamu. Nanga chiphunzitso chomwecho chimati chiyani za chida chosasiyanitsa msilikali ndi mwana?"

"Chimati n'chosaloledwa."

"Ndiye mwandiyankha."

"Sindinakuuzeni kuti musiye ntchito, Mayi Sabol."

"Simunandiuze, inde. Musaope, sindikakutchulani."

Lolemba m'mawa anapita kwa kapitawo wawo, a Gus Pekar, amene anaphunzira nawo katekisimu limodzi ali ana. Anapempha kuti awasamutsire ku chigawo china. A Pekar anati zigawo zonse zikupanga za nkhondo, maoda achuluka. Pamenepo Mayi Sabol anatulutsa chidindo m'thumba n'kuchiika pa desiki.

"Iwe Bernie, wasanduka Papa liti?" anafunsa a Pekar. "Zaka zonsezi umayesa tikupanga mapoto?"

"Ndinkadziwa kuti ndi mabomba, Gus. Sindinkafuna kudziwa amene amawatola."

"Kwatsala zaka zitatu kuti upume pa ntchito bwinobwino. Ukachoka, mawa pakhala wina pampando wakowo, ndipo mabokosi atuluka chimodzimodzi."

"Atuluke. Koma asatuluke ndi dzina langa."

"Nanga Emil? Ukumulavulira m'manda."

Mayi Sabol anati, "Emil sanaphepo mwana. Usamubwereke kuti akuyankhulire."

Tauni yathu imadya za fakitale imeneyo, ndipo sinawakhululukire msanga. Amayi ena anasiya kubwera kudzakanda pirohi mpaka Mayi Sabol atatula udindo. Bokosi lawo la makalata linapakidwa penti yachikasu, kunena kuti ndi amantha. A Walter, amene anapuma pa ntchito pa fakitale yomweyo, anakhala miyezi iwiri akudya chakudya chawo osayankhula. Mayi Sabol ankaphikabe, n'kumawafunsa ngati mchere wakwana.

Lachisanu lililonse, nthawi yosinthana antchito masana, ankaima pa geti la fakitale ndi kolona. Sankanyamula chikwangwani, sankatukwana munthu. Aliyense wotuluka ankamupatsa moni pomutchula dzina, n'kumufunsa za ana. Ena ankati zimenezi zinkawawa kuposa chikwangwani. Komanso sanasiye kulongedza masokosi ndi khofi zotumiza kwa anyamata a m'parishi amene anali ku nkhondo. Wina atawanena kuti ndi achinyengo, anayankha kuti, "Msilikali ndi mwana wa munthu, mapazi ake amazizidwa. Mlandu wanga suli ndi iye."

Lamulungu lina, powerenga mapemphero a Akhristu, atatha kupempherera asilikali athu anawonjezera mawu amene sanali pa pepala: "Ndi onse amene mabomba athu awagwera, ndi amene adzawagwera." Amene anayankha kuti "Ambuye, timvereni" sanakwane khumi. Bungwe la parishi linawachotsa pa mndandanda wa owerenga, ndipo wolemba nkhani ino anali m'bungwemo, anakweza nawo dzanja. Mayi Sabol sanakadandaule kwa episkopi, sanasamukirenso parishi ina. Ankabwera m'mawa uliwonse, ndipo wowerenga akafika pa asilikali, mawu awo aja ankamveka kuchokera pa benchi, osakweza, osanong'ona.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho chipale chofewa chinagwa kwambiri. Lachisanu lina a Walter anatenga makiyi a galimoto n'kunena kuti, "Ukaterereka pa mlatho ndidzavutika ndine. Tiye." Anawaperekeza mpaka pa geti, a Walterwo n'kukhala m'galimoto akuwerenga nyuzipepala. Anachita zimenezo zaka zisanu ndi ziwiri mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo sanavomerepo kuti mkazi wawo akulondola.

Patapita zaka fakitale inasiya kupanga timphete tija. Mayi Sabol anasiya kupita pa geti, ndipo anthu atawayamikira anakana. "Sanasiye chifukwa cha ine. Maoda anatha." Anakalamba mwakachetechete, akuyendera odwala kunyumba ya okalamba, kumene ambiri anali asilikali akale.

Chiyeso chawo chomaliza chinabwera ndi nkhondo ya ku Ukraine. Ambiri muno tili ndi abale kufupi ndi malire a dzikolo, ndipo nkhondoyi sinali ya anthu osawadziwa. Tsiku lina pa khofi wa pambuyo pa Misa, a Pekar, atakalamba nawonso ndipo akuyendera ndodo, anakhala moyang'anizana nawo.

"Nanga lero, mayi woyera? Anthu awathyolera chitseko. Aziwagenda ndi kolona?"

"Ayi, Gus. Wakuba akalowa m'nyumba ndi mpeni, mwini nyumba ali ndi ufulu womutulutsa. Sindinanenepo zosiyana ndi zimenezo. Iwe sunkamvera, unkangofuna kundiyankha."

Mayi Sabol ndiwo anatolera majekete ndi mabulangete otumiza ku Ukraine ambiri kuposa wina aliyense. Koma chaka chotsatira, itamveka nkhani yoti mabomba omwazika aja, osungidwa kuyambira kale, atumizidwa kumeneko, Mayi Sabol anauza Monica kuti awatengere pa geti. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, akuyendera choyendera cha matayala. Monica anawakumbutsa kuti fakitale sipanganso zimenezo.

"Ndikudziwa. Koma akale amenewo anadutsa pa geti limenelo, mwinanso m'manja mwanga. Mlandu suwola."

A Pekar atamva, anawatsatira komweko. Anthu awiri okalamba anakangana dzuwa likuswa mtengo, antchito akudutsa.

"Apempha okha, Bernie. Ndi dziko lawo, minda yawo. Iwe ndiwe ndani wowakaniza?"

"Apempha akuluakulu. Mwana amene adzakatole zaka makumi atatu zikubwerazi wapempha? Sanabadwe n'komwe."

"Akagonja, mwanayo sadzabadwa m'dziko lake."

"Mwina ukunena zoona," anatero Mayi Sabol. "Chimenecho chimandipweteka kuposa zonse zimene unandinenapo. Ine sindine mkulu wa asilikali, sindidziwa kupambana nkhondo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwanayo alibe womuimira pa tebulo limene akugamulirapo zimenezi. Ndiye ndaima ine."

"Ndiwe wamakani ngati bulu."

"Bulu ananyamula Ambuye. Gwira chambulerachi, mkono wanga watopa."

A Pekar anagwira chambulera mpaka kolona inatha, akung'ung'udza.

Mtima wawo unayamba kufooka Khirisimasi itayandikira, ndipo anasamukira kwa Monica. Masana a tsiku lawo lomaliza, bambo mfumu wathu, Bambo Nwosu, anabwera kudzawadzoza. A Pekar anali pampando wa pakona, chipewa chili pa bondo. Atalandira Ukaristia, bamboyo anawafunsa ngati pali wina amene akumusungira kanthu kukhosi.

"Palibe, Bambo. Wa penti uja ndinamudziwa tsiku lomwelo, ndipo ndinamukhululukira asanatsuke burashi. A bungwe ndawakhululukira. Gus ndamukhululukira kangapo, mwina ndiwonjezere kamodzi ka m'tsogolo." Anawonjezera kuti, "Inenso mundipemphere chikhululukiro. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinali ndi maso abwino, koma sindinayang'ane."

Kenaka anagwira dzanja la wansembeyo.

"Koma pa maliro musakanene kuti gogo anafewa pomaliza. Ndakhululuka, sindinasinthe maganizo. Zimenezi ndi ziwiri, mukawauze."

Anamwalira dzuwa lisanalowe, Monica akuwawerengera salimo, nkhope yawo ili phee ngati munthu amene waweruka pa nthawi yake.

Bambo Nwosu anatiuza mawuwo pa Misa ya maliro monga anawalandirira, osachotsa kanthu. Sitinagwirizane tonse ndi Mayi Sabol, ndipo mpaka lero ena muno amati analakwitsa za nkhondo yomalizayi. Iwo sanatipemphe kuti tigwirizane nawo. Anangokana kutilola kupemphera ngati kuti kutsidya kulibe ana. Ambuye awapatse mpumulo umene anaugwirira ntchito, ndipo ife atichedwetsere wathu mpaka titaphunzira kuyang'ana.