Mayi Magadalena Zikhalo ndi Njerwa za Chaka cha Ng'amba

Akhristu ambiri amene timawakumbukira m'kalata ya parishi ino timawatama kuti anali olimba mtima. Mayi Magadalena Zikhalo, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, sanali otero. Anali amantha, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Anabadwira kwa Kaphuka, m'banja la alimi achikatolika. Ali kamtsikana, tsiku lina akuchokera kumunda ndi mkulu wawo Anjelina, mphenzi inagwera mtengo umene anausapo mvula. Magadalena anadzuka makutu atagontha. Anjelina sanadzuke. Kuyambira pamenepo, mtambo ukangoda chakumapiri, ankathamangira m'nyumba. Ngakhale atakwatiwa ndi a Linus Zikhalo n'kubereka ana, bingu likagunda ankatentha kanjedza wodalitsidwa, n'kulowa kunsi kwa tebulo ndi korona m'manja. A Linus ankawaseka. "Anzanga, kunsiko mwandisungirako malo?" Iwo ankangoti, "Sekani ndithu, koma chitsekocho mukhome."

A Linus atamwalira, analera ana okha ndi khasu: chimanga kumtunda, mbatatesi kudimba. Anatumikira m'gulu la mpingo la Lejio ya Maria zaka zambiri, ankachapa nsalu za pa guwa, ndipo kwa wodwala ankafikako achibale asanafike. Kungoti kumwamba kukada ali komweko, wodwalayo ankadziwa kuti mlendo wake agona pomwepo.

Pa ukalamba wawo nyengo inasokonekera. Ana anawagulira wailesi kuti iziwachotsa kusungulumwa, koma inangowonjezera mantha. Inkanena za nkhalango zopsa kutsidya kwa nyanja, za mizinda yomira, za anthu ofa ndi kutentha ali m'nyumba zawo. Namondwe atagumula mapiri kumwera kwa dziko lino, matope n'kukwirira mabanja athunthu, a Magadalena anayamba kuliyang'ana phiri la kuseri kwa nyumba yawo ngati galu wa eni, wosadziwika tsiku loluma. Pa mapemphero a Mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana, ankatchula maiko onsewo, maina ena akuwapotoza, achinyamata n'kumabisa nkhope. "Thambo ndi limodzi," ankatero. "Likang'ambika kwa anzathu, ulusi wake ukubwera kuno."

Chaka cha ng'amba yaikulu ija, chimphepo cha mu Disembala chinagwetsa khoma la tchalitchi chaching'ono cha kumudzi kwawo. Akhristu anagwirizana zopempha a Ignasio kuti aumbe njerwa. A Ignasio anali mkamwini wochokera kutsidya kwa malire. Mkazi wawo anamwalira osasiya mwana, iwo n'kungotsalira pamudzipo, opanda mbale wowayankhulira. Dzinja si nthawi youmba, koma poona kuti kumwamba kuli mbee, anayamba ntchito.

Mvula sinabwerenso. Chimanga chinapota masamba chisanamasule. Anthu ankayang'ana minda yawo yofota, kenako n'kuyang'ana mizere ya njerwa ikuuma bwinobwino padzuwa. Mawu anayambira pachitsime, anadutsa pa bawo, mpaka anafika pakhomo la tchalitchi: a Ignasio amanga mvula kuti njerwa ziume. Amene anawatuma aja anaiwala kuti anawatuma.

Tsiku lina masana kunabwera mtambo wonyenga, wa mtundu uja wogunda kwambiri osagwetsa dontho. A Magadalena ali m'nyumba anamva phokoso lina pansi pa mabinguwo, lochokera kudambo kumene a Ignasio ankaumbira njerwa. Analidziwa. Wailesi inali itanenapo za okalamba ophedwa pa mlandu womwewu. Anakhoma chitseko, anagwada, anayamba pemphero la Tikuoneni Maria, koma sanalimalize. Anatsekulanso chitseko chija.

Kudambo anapeza a Ignasio atakhala m'matope, magazi akutsika pa chipumi. Anthu anali atawazinga, ena ndi zibonga, ena ndi njerwa zomwezo. Kutsogolo kunali Collins, mwana wa mng'ono wa a Magadalena, bambo wa ana atatu ndiponso woimba kwaya, amene mbatatesi zake zinali zitapserera.

"Mayi aakulu, bwererani," anatero Collins. "Simukumva kukugunda? Tebulo lanu likukudikirani."

Ena anaseka.

"Ndamva," anayankha a Magadalena. "Iwe Collins, njerwazi anaziitanitsa ndani?"

"Mdalayu angomasula mvula basi. Onani, mtambo ukabwera akuubweza. Ana anga adya chiyani?"

"Tsiku logwirizana lija unakweza dzanja. Ndinakuona."

Sanadikire yankho. Anavula patapata, anakwinya chitenje, analowa m'dzenje loumbira njerwa n'kutola chikombole. Manja ankanjenjemera mwakuti matope ankatayikira m'mbali. Njerwa yoyamba inatuluka yopindika. Anaumba yachiwiri. Bingu linasweka pamwamba penipeni, iwo anakuwa n'kugwa chogwada, koma chikombole sanachitaye.

"Ngati woumba njerwa amamanga mvula, ndiye nanenso ndamanga," anatero, mawu akuduka. "Yamba ndi ine, mwana wanga. Koma fulumira, ndikuopa."

Apa panalibe woseka. Collins anayang'ana njerwa imene inali m'dzanja lake ngati wina wachita kumugwiritsa. Mayi Flossie, mnzawo wa a Magadalena mu Lejio, anavula nsapato n'kulowa m'dzenjemo, kenako mayi winanso. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anaisiya kunyumba.

Tisamunamizire Mulungu: mvula sinagwe tsiku limenelo. Inabwera mochedwa, ya matalala, inasungunula njerwa zosaotcha zija n'kumaliza chimanga chimene dzuwa linasiya. Njala ya chaka chimenecho tonse tikuikumbukira. Koma a Ignasio sanafe. A Magadalena anawasunga m'kanyumba ka mwana wawo mpaka mabala atapola, ndipo aliyense wofuna kukafika kwa a Ignasio ankayenera kudutsa pakhonde pa mayiwo. Ena anasiya kuwapatsa moni. Iwo sanadandaule, ankangodzidzimuka galu akauwa, n'kupitiriza kukhala pakhondepo.

Chifuwa chinawayamba m'nyengo yozizira ya chaka chino, ndipo sichinawasiye. Bambo mfumu atawadzoza, anawafunsa ngati ali ndi mantha. "Bambo," anayankha, "ndaopa moyo wanga wonse. Lero ndatopa nazo." Anamwalira m'mawa mwake, ana awo ndi amayi a mu Lejio akupemphera, mwakachetechete ngati munthu wogona atamaliza kupalira.

Pa maliro, a Ignasio anapempha kuyankhula, ngakhale dzina lawo silinali pa ndondomeko. Sanatalikitse. "Ine ndinali pafupi," anatero. "Mano awo ndinkawamva akugundana. Mumtima ndinati athawa. Sanathawe."

Chaka chino mvula yadulanso. Chimanga chodzala ndi mvula yoyamba chayamba kufota, ndipo pachitsime payambanso kumveka dzina, la gogo wina wokhala yekha kuseri kwa phiri, amene akuti wamanga mvula. Ife amene tinaimba pa manda a mayi Magadalena dzinalo talimva.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Ulendo uno phokoso likamveka iwo sadzatuluka. Tatsala ndife, ndi mantha athu omwewa.